Mtsutso: Kodi Mabungwe Athu Aike Kayendetsedwe ka Ntchito Zawo M'manja mwa Makompyuta?

Bungwe lililonse, kaya ndi unduna wa boma, chipatala cha mishoni, kampani yogula fodya kapena sitolo ya pamsika waukulu, limaima kapena kugwa malinga ndi zolembedwa zake: ndani walembedwa ntchito, ndani walandira malipiro, katundu walowa wochuluka motani ndipo watuluka wochuluka motani, ndani ali ndi ngongole ndipo adzabweza liti. Kuyambira masiku a atsamunda udindo umenewu udali m'manja mwa makalaliki, amene ankalemba ndi inki m'mabuku a zikuto zolimba, namanga mafayilo ndi zingwe, nawasanja m'makabati. Koma m'zaka zapitazi, pang'onopang'ono poyamba ndipo mofulumira tsopano, ntchito yomweyo yakhala ikusamukira m'makompyuta olumikizana, amene amalandira chinthu pamalo pomwe chachitikira, kuchisunga pamodzi ndi zinzake, kuchiwerengera, ndi kuchipereka kwa oyang'anira chili chokonzeka kuti agamulirepo zochita. Ponena za dongosolo la makompyuta m'nkhani ino tikuphatikiza makinawo, mapulogalamu amene ali m'kati mwake, netiweki imene imawalumikiza, anthu amene amalowetsamo zinthu, ndiponso malamulo onena kuti uyu aloledwa kuona chakuti, uyo aloledwa kusintha chakuti.

Mutu umene uli pabwalo ndi uwu: n'koyenera kuti mabungwe a m'dziko muno, a boma ndi omwe si a boma, aike kayendetsedwe ka ntchito zawo ndi kasungidwe ka zolembedwa zawo m'dongosolo la makompyuta. Ndipo popeza bwalo lolungama siligamula litamva pakamwa pamodzi, tiyamba tapereka mpata kwa ovomereza, pambuyo pake kwa otsutsa, aliyense ndi mboni zake.

MBALI YOVOMEREZA

1. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imafulumira, ndipo zolakwa zimachepa. Wofuna umboni asapite kutali. Apite ku chipatala chachikulu cha Kamuzu mumzinda wa Lilongwe, kumene m'chaka cha 2001 bungwe la Baobab Health lidayamba kuika makina okhala ndi galasi lokhudza ndi chala, osadya magetsi ambiri, okhoza kuyendera mabatire magetsi akathima. Wodwala akafika koyamba, kalaliki amamufunsa dzina, mudzi ndi zaka zake, nakhudza galasi lija, ndipo makina amatulutsa kapepala komata kokhala ndi timizere takuda, kamene amakamata pa kabuku kake ka kuchipatala. Tsiku lina akabweranso, kalaliki sayambiranso mafunso onse aja kapena kuvundukula mulu wa mafayilo, koma amangounika timizereto ndi kamakina kam'manja, ndipo mbiri ya wodwalayo imaonekera pagalasi. Dongosolo lomweli litafika m'zipatala zopereka mankhwala otalikitsa moyo, namwino adayamba kuona pomwepo kuti munthuyu adalandira mankhwala anji, akuyenera kukhala atatsala ndi mapiritsi angati, ndipo abwerenso tsiku liti. Malipoti a miyezi itatu, amene kale ankadya masiku ambiri a anthu owerenga makhadi limodzilimodzi, adayamba kutuluka m'kanthawi kochepa. Nthawi yonse imene yawomboledwa ku ntchito yofunafuna pepala yabwezedwa kwa wodwala amene wakhala pa benchi kuyambira mbandakucha.

2. Woyang'anira amaona vuto lisanakule. Nzeru imene idapulumutsa dziko la Aigupto m'masiku a Yosefe idali ya kudziwiratu kusowa nthawi ya zochuluka isanathe, ndipo woyang'anira aliyense, ngakhale wa bungwe laling'ono, amaitanidwa ku nzeru yomweyo. Kale lipoti la chipatala chakumudzi linkayenda pa njinga mpaka ku boma, n'kukhala patebulo kudikira anzake, kotero kuti pofika kulikulu linkanena za mankhwala amene adatha kalekale. M'chaka cha 2011 kudayambika njira yotchedwa cStock, imene idayesedwa m'maboma ochepa isanafalikire dziko lonse: mwezi uliwonse mlangizi wa zaumoyo amatumiza uthenga pa foni wamba, wonena mankhwala a malungo, a chibayo ndi mapaketi a Thanzi amene watsala nawo, makina amawerengera zimene akusowa, nadziwitsa chipatala chaching'ono chimene chimamupatsa katundu, ndipo katunduyo akalongedwa mlangizi amalandira uthenga woti abwere, kuti asapalase njinga mtunda wautali n'kukabwerako chimanjamanja. Akuluakulu a zaumoyo a m'bomalo nawonso amaona pagalasi lawo kuti ndi midzi iti imene yatsala pang'ono kusowa mankhwala. Chomwechonso mwini masitolo amene ali ndi nthambi ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu akhoza kudziwa dzuwa lisanalowe kuti sopo watha kuti ndipo wadzaza kuti, nasamutsa katundu m'malo mogula wina.

3. Chinthu chimalembedwa kamodzi, n'kutumikira nthambi zonse. M'bungwe loyendera mapepala, wosunga katundu ali ndi buku lake, wolipira ali ndi lake, wogula ali ndi lakenso, ndipo kutha kwa chaka mabuku atatuwa kawirikawiri amanena zinthu zitatu zosiyana za matumba omwewo a simenti. Dongosolo lolumikizana limachotsa mkangano umenewu, chifukwa katundu akangolandiridwa kunkhokwe, wolipira amaona kuti walandiridwa, ndipo bajeti ya nthambi imene idamuitanitsa imatsika yokha. Bungwe lotolera msonkho la MRA limagwiritsa ntchito ASYCUDA, pulogalamu yokonzedwa ndi nthambi ya United Nations yoona za malonda, pa zipata monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, kotero kuti zimene wamalonda walemba za katundu wake zimaonekera kulikulu galimoto isanachoke pachipata. Ndipo kuyambira 2014 makina otulutsa malisiti a msonkho adayamba kuikidwa m'masitolo, kuti lisiti limene wogula walandira likhalenso umboni kwa wotolera msonkho. Ngakhale wamalonda wamng'ono, chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ali ndi kaundula wa zimene walandira ndi kutumiza, amene kale sakadamusunga.

4. Pepala nalonso limanama, ndipo likanama silisiya phazi. Kapitawo wosalungama wa m'fanizo la m'Uthenga Wabwino sadasowe kompyuta kuti aononge chuma cha mbuye wake. Adangoitana amangawa mmodzimmodzi kuti asinthe manambala pa makalata awo. Ifenso tidaona ndi maso athu mapepala a zotsatira za chisankho cha 2019 atapakidwa tipeksi, mpaka khoti la zamalamulo lidathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko mu February 2020. Fayilo ya pepala ikhoza kusowa mu ofesi usiku umodzi, palibe wodziwa amene adaitenga. Koma dongosolo lokonzedwa bwino limalemba dzina la aliyense amene walowamo, ola limene walowera, ndi chimene wasintha. Ndiponso pamene m'chaka cha 2017 nzika zoposa 9 miliyoni zidalembetsa ndi kulandira ziphaso zokhala ndi zidindo za zala, padatseguka njira yofananizira mndandanda wa olandira malipiro ndi kaundula wa anthu amoyo, kuti maina a anthu omwalira kapena ongopeka asamalandirenso ndalama za boma. Ovomereza akuti munthu woona mtima alibe choopa pa makina otere, ndipo amene amawakana kwambiri nthawi zina ndi amene mdima wa m'makabati unkawapindulira.

MBALI YOTSUTSA

1. Otsutsa ayamba ndi mwambi wa makolo wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mboni yawo yoyamba ndi imene Mmalawi aliyense wamkulu akuidziwa. M'chaka cha 2005 boma lidakhazikitsa IFMIS, dongosolo loyendetsera ndalama zake zonse, lomangidwa pa pulogalamu ya Epicor potengera chitsanzo cha ku Tanzania, ndipo lonjezo lake lidali lomwe lija la ovomereza, lakuti tambala iliyonse idzaoneka komwe yachokera ndi komwe yapita. Koma mu September 2013, wogwira ntchito wamng'ono wa boma atapezeka ndi ndalama zochuluka m'galimoto, ndiponso mkulu woyang'anira bajeti, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa pa 13 mwezi womwewo, kudaululika kuti dongosolo lija lidasanduka khomo lotulutsira chuma ku Capital Hill. Kachitidwe kake kadali kotere: anthu okhala ndi chilolezo cholowera m'makina ankalowetsa malipiro a makampani amene sadagulitse kanthu ku boma, cheke chinkasindikizidwa n'kukasinthidwa kubanki, ndipo pambuyo pake malipiro aja ankafufutidwa m'makinamo, kuti woyang'ana mabuku apeze zonse zili bwino. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, imene idafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013, idanena m'lipoti lake la February 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera. Maiko othandiza adaimitsa thandizo la bajeti lokwana pafupifupi madola 150 miliyoni, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu, amene sadaonepo ngakhale khomo la ofesi zimenezo. Otsutsa akuti kalaliki wa masiku a inki, ngakhale akhale wakuba chotani, sakadatha kutulutsa chuma chotere m'miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa pepala limayenda pang'onopang'ono ndipo limadutsa m'manja ambiri. Makina adasonkhanitsa mphamvu yonse m'manja mwa anthu ochepa odziwa mawu achinsinsi olowera, pamene akuluakulu awo, amene ankasaina malipoti, sankadziwa kufunsa makinawo funso lililonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wakuba amene ali m'kati mwa dongosolo limene bungwe lonse likudalira ngovuta kumugwira popanda kuimitsa ntchito yonse.

2. Dongosolo lotere limafuna magetsi ndi netiweki, zimene dziko lathu silinakhale nazo mokwanira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a ESCOM. Ndipo mu January 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tanthauzo la zimenezi kwa munthu wamba lidaonekera poyera pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP idayamba mu 2020, makuponi a pepala atalowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika. Mlimi ankafika pamalo ogulitsira ali ndi K4,495 ya thumba limodzi yomangidwa pansonga ya nsalu, chiphaso chili m'manja, feteleza akumuona ndi maso ali mulu m'nyumbamo. Koma kalaliki, atayesa kuunika chiphasocho ndi foni kachiwiri ndi kachitatu, ankangoti netiweki yavuta, ndipo popeza dongosolo silinkamulola kugulitsa popanda makina kuvomera, anthu ankagona pamzere pamene mvula yobzalira inkagwa kumunda. Kuponi ya pepala idali ndi matenda ake, pakuti inkagulitsidwa ndi kuberedwa, koma sinkadikira netiweki.

3. Bungwe limagwa m'manja mwa amene adalikonzera makina. Mapulogalamu aakulu amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, amafuna chiphaso cholipira chaka ndi chaka, ndipo akaonongeka amene amadziwa za m'kati mwake kawirikawiri ndi kampani yomwe idawagulitsa. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo mu February kuti akuba a pa intaneti adalanda dongosolo la nthambiyo ndipo ankafuna dipo. Ophunzira, amalonda, odwala ofuna chithandizo kunja ndi achinyamata opita kukagwira ntchito adangokhala kudikira, popanda njira ina yowathandizira. Kabati ya mafayilo ikhoza kupsa kapena kudyedwa ndi chiswe, koma munthu amene ali kutsidya la nyanja sangaitseke ndi loko wake.

4. Anthu amafulumira kukhulupirira makina koposa mnzawo, ndipo apa mboni yoopsa ikuchokera ku Britain, dziko limene silisowa magetsi kapena akatswiri. M'chaka cha 1999 bungwe la Post Office kumeneko lidayamba kuika dongosolo lotchedwa Horizon, la kampani ya Fujitsu, m'mapositi ofesi ake onse. Makinawo adayamba kuonetsa kuti ndalama zikusowa m'nthambi zina pamene sizidasowe, ndipo m'malo mokayikira makina, akuluakulu adakayikira anthu. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi oposa 900 adazengedwa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sadatenge, ena adamwalira maina awo asanayeretsedwe. Zidatengera anthu 555, motsogozedwa ndi a Alan Bates, kupita ku khoti lalikulu, kuti mu 2019 woweruza avomereze kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo ya dzikolo idachita kupanga lamulo lofafaniza zigamulo zija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mphunzitsi amene dzina lake lasowa pa mndandanda wa malipiro, kapena mlimi amene makina akuti wagula kale feteleza pamene sadagule, akadandaule kwa yani ngati yankho la ofesi iliyonse ndi lakuti makina atero?

5. Pali zinanso zing'onozing'ono, zimene zikaunjikana zimalemera. Makina amabweza chimene wawapatsa. Kalaliki wotopa akalowetsa nambala yolakwika, lipoti limatuluka losindikizidwa bwino, ndipo kukongola kwakeko kumabisa cholakwacho. M'maofesi ambiri dongosolo latsopano limabwera buku lakale lisanachotsedwe, kotero kuti namwino mmodzi yemweyo amalemba chinthu chimodzi kawiri, m'kaundula ndi m'makina, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Makalaliki achikulire amene atumikira zaka zambiri amaopa kuchotsedwa, ndipo mantha awo si opanda maziko. Komanso zinsinsi za anthu, matenda awo, malipiro awo ndi ngongole zawo, zikasonkhanitsidwa pamalo amodzi, zikhoza kutuluka zonse tsiku limodzi.

CHIGAMULO

Poyeza mbali ziwirizi, chinthu choyamba chimene woweruza wachilungamo ayenera kuvomereza n'chakuti mboni za otsutsa n'zoona zonse, ndipo sizingachotsedwe pabwalo ndi mawu opepuka akuti cholakwa chidali cha anthu osati cha makina. Mawu amenewo ngoona, koma sakwanira, pakuti makina amakulitsa chilichonse chimene apeza m'bungwe: akapeza mwambo wabwino amaufulumiza, akapeza ulesi wa oyang'anira amaukulitsanso mpaka dziko lonse kuumva. Amene amauza bungwe kuti likangogula makompyuta chinyengo chidzatha akulinamiza, ndipo zaka za pakati pa 2005 ndi 2013 zikumutsutsa.

Komabe tikayang'anitsitsa mboni zomwezo, tipeza kuti pafupifupi iliyonse ikuloza chinthu chimene chidasiyidwa chosachitika, chimene chidali chotheka kuchichita. Ku Capital Hill, akadakhala kuti wolowetsa malipiro, wowavomereza ndi wosindikiza cheke adali anthu atatu osiyana, aliyense ndi mawu ake achinsinsi osabwerekana; akadakhala kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adali ndi mphamvu yofufuta chimene chalipidwa kale; ndiponso akadakhala kuti mwezi uliwonse wina wa kunja kwa ofesiyo ankafananiza macheke amene banki yalipira ndi zimene makina akunena, kusiyanako kukadaoneka mwezi woyamba womwewo. Izi si nzeru zatsopano. Ndi malamulo akale a kasungidwe ka chuma, amene makalaliki a masiku a inki ankawadziwa pamtima, ndipo adatayidwa pamene anthu adaganiza kuti makina adzalondera okha. Ku Britain cholakwa chachikulu chidali cha akuluakulu amene adamva madandaulo a anthu mazanamazana onena chinthu chimodzi, naumitsa mitima yawo. Pamalo ogulitsira feteleza chosowa chidali njira yachiwiri yololedwa ndi lamulo, yoti kalaliki alembe m'buku pamaso pa mfumu ndi komiti netiweki ikagwa, n'kudzalowetsa m'makina ikabwerera. Buku lotere, lotsegulidwa pa tsiku la vuto lokha, n'losiyana ndi kulemba kawiri kwa tsiku ndi tsiku kumene otsutsa akudandaula nako.

Ndiponso tiyenera kufunsa moona mtima ngati njira yobwerera ilipo. Dziko la anthu oposa 17 miliyoni, monga adawerengedwera mu 2018, lokhala ndi anthu mazana a zikwi olandira mankhwala mwezi ndi mwezi, ndi magalimoto a katundu odutsa pa Mwanza usana ndi usiku, silingayendetsedwenso ndi mabuku a zikuto zolimba. Ndipo ngakhale otsutsa omwewo, akadwala, amakondwa pamene namwino wapeza mbiri yawo m'kamphindi. Chimene chidasiyanitsa makina a m'zipatala aja ndi ena amene adalephera n'chakuti adakonzedwa poyang'ana munthu amene adzawagwiritse ntchito ndi malo amene adzakhale: chala cha kalaliki amene sadaphunzire kutaipa, magetsi othimathima, mzere wautali wa odwala. Ine ndikuona kuti phunziro limeneli mabungwe athu sanalisamale mokwanira, pakuti kawirikawiri amayamba ndi kugula, n'kumafunsa pambuyo pake kuti ntchito yawo imayenda motani, pamene kukadayenera kuyamba ndi kulongosola ntchitoyo sitepe ndi sitepe, kuchotsa masitepe opanda phindu, ndipo pokhapo kuitana wokonza pulogalamu. Walira mvula walira matope: bungwe lofuna liwiro la makina livomerenso mtengo wophunzitsa antchito ake akale m'malo mowataya, mtengo wosunga zolembedwa zake kawiri pamalo osiyana, ndi mtengo wolemba ntchito ana a dziko lino odziwa za m'kati mwa dongosololo, kuti pangano ndi wogulitsa likatha, makiyi ndi zolembedwa zitsale m'manja mwa eni ake. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2024, laika kale udindo wina wotere pa mapewa a mabungwe, ndipo otsogolera achita bwino kuliwerenga asanaitanidwe kukayankha.

Koposa zonse, udindo sungasamutsidwe kuchoka kwa munthu kupita ku makina. Mlembi wamkulu wa unduna, mkulu wa kampani, ngakhale msungichuma wa mpingo, amene amasaina lipoti lochokera m'kompyuta osatha kulowamo yekha ndi kufunsa kuti nambala iyi yachokera kuti, wapereka ukapitawo wake kwa mnyamata wa ku chipinda cha makina, ngakhale dzina la udindo latsala pa chitseko chake. Ndipo munthu aliyense amene makina amunenera choipa, kuti waba, kuti walandira kale, kuti kulibe, ayenera kukhala ndi khomo logogoda kumene munthu mnzake adzamumvera ndi kufufuza nkhani yake asanalangidwe.

Chotero chigamulo chathu n'chakuti ovomereza apambana mlanduwu, koma apambana ndi ngongole kwa otsutsa, imene ayenera kuibweza yonse. Mutuwu uvomerezedwe kwa bungwe limene lagawa makiyi kwa anthu osiyana, limene limafananiza makina ake ndi banki mwezi uliwonse, limene lili ndi njira yothandizira anthu magetsi akathima, ndiponso limene otsogolera ake aphunzira kuwerenga dongosolo lawo. Inu a m'makomiti ndi m'mabodi amene pempho logula makompyuta lili patebulo panu, funsani zinthu zimenezi musanasaine. Ndipo ngati mayankho ake palibe, bwezani pempholo kwa amene adalilemba kuti akayambe wazikonza.